Kudzitsekera Kunja

Chaka chimenecho ndinataya izi.

Mkazi wanga.

Nyumba ya zipinda ziwiri, imene njerwa zake ndinaumba ndekha pa malo a kwawo.

Puloti ya mpunga ku sikimu ya Likangala, pamodzi ndi mbewu imene tinasunga m'chigubu.

Mapapaya a kuseri kwa bafa, amene anali asanayambe kubereka.

Kudzuka m'nyumba imodzi ndi mwana wanga.

Njinga, zovala ndi mabuku a ku koleji ndinatuluka nazo. Panali chinthu chinanso chimene ndinkadziwa kuti chidzachoka pang'onopang'ono, popanda wochilanda: kuti mwana wathu wamkazi, amene anali atangoyamba kulankhula, azindidziwa kuti ndine bambo wake.

Kwathu ndi kwa Kuntumanji. Agogo athu anachokera kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, ku Mozambiki. Ndinakwatira m'dera la mfumu Mwambo, ndipo monga amachitira aliyense kuno, ndinakamanga kwawo kwa mkazi. Ndinali mkamwini. Ana a mkamwini ndi a mbumba ya mayi wawo, ndipo mwini mbumba ndi atsibweni, mlongo wa apongozi aakazi. Mkazi akamwalira, anthu amadikira kuti maliro athe, kenako amakusudzula, ubwerere kwanu. Palibe amene amakuletsa kudzaona mwana. Umangobwera ngati mlendo. Umaima kumapeto kwa bwalo n'kuchita odi, amakuikira mpando pansi pa mtengo, mwana amapita naye kuseri kukamusambitsa, kenako amabwera naye atavala diresi la kutchalitchi. Chikatha chaka, mwana amabisala kumbuyo kwa agogo ake. Zimenezi sindinachite kumva. Bambo anga ndinawadziwira pa mpando woterowo, ndipo mpaka anamwalira ndinkawagwadira ngati aphunzitsi.

Nditamaliza koleji ku Zomba ndinalembedwa ntchito ndi kabungwe kena koyeza madzi. Zinali zaka zija nyanja ya Chilwa inaphwa, anthu n'kumayenda wapansi pamene kale pankadutsa mabwato, kenako madzi n'kubwerera. Tinkalemba kuchuluka kwa mvula, msinkhu wa madzi mumtsinje ndi m'nyanja, ndi tsiku limene matemba aonekeranso. Ofesi yathu inali chipinda chimodzi pafupi ndi sikimu. Padenga panali sola, pakona mabatire a galimoto, patebulo kompyuta imodzi ndi modemu, kabokosi kolumikiza kompyutayo ku waya wa foni. Ofesi yaikulu inali m'tauni. Masana ena kompyuta ya m'tauni inkaimbira yathu n'kutenga zimene talemba.

M'kompyutamo munali Linux, pulogalamu yoyendetsa makina onse. Mnzanga wina wochokera kusukulu kunja anabwera nayo pa CD, ndipo anati ndi yaulere, aliyense angathe kuona m'mene inalembedwera, kusintha, n'kupatsako mnzake. Mabuku ake anali pa CD pomwepo. Ndinkawawerenga pa sikirini mpaka mabatire atafooka. Tsiku lina abwana anabwera kuchokera ku msonkhano atamva kuti kuli anthu amene amalowa m'makompyuta a eni kudzera pa waya. Anandiuza kuti nditseke.

Nditayang'ana ndinapeza kuti makinawo anabwera ali otsegula. Munali mafayilo awiri, ina yolembamo ololedwa, hosts.allow, ina yolembamo okanidwa, hosts.deny. Wina akagogoda kudzera pa waya, pulogalamu yolondera inkayamba kuyang'ana mwa ololedwa. Ikamusowa inkayang'ana mwa okanidwa. Ikamusowanso m'menemo inkangomulowetsa. M'mafayilo onse awiri munalibe dzina ngakhale limodzi. Pansi pa zimenezi panali chotchinga china chachikulu, chimene amati fayawolo, choyendetsedwa ndi pulogalamu yotchedwa ipfwadm. Iyo inkawerenga malamulo kuyambira pamwamba kutsika, ndipo lamulo loyamba kugwirizana ndi wogogodayo ndilo linkagamula. Likasowa lomukhudza, pankatsala lamulo limodzi la onse osatchulidwa: kulola kapena kukana. Opanga anasiya pa kulola.

Madzulo a tsikulo ndinamufotokozera mkazi wanga akupeta mpunga pakhonde. Sukulu analekeza Fomu 2, koma ankakonda kufunsa za ntchito yanga, makamaka pamene panali chondiseka nacho.

"Ndiye kuti amene anapanga zimenezo ndi anthu a mtima wabwino," anatero.

"Kapena anangoiwala."

"Ayi, bambo a mwana. Munthu saiwala chitseko. Iwowo ankaganiza kuti obwera onse ndi abale."

Nthawi zina ankandibweretsera chakudya ku ofesi, mwana ali kumbuyo. Ankafuna kuphunzira kutayipa, akuti mwina tsiku lina adzalembedwa ukalaliki ku sikimu. Ndinamutsegulira malo akeake m'kompyutamo, a dzina lake, ndipo anasankha yekha pasiwedi atandiuza kuti ndiyang'ane kukhoma. Ndinamuuza kuti asavutike kubisa, chifukwa pa makina otere pamakhala mmodzi wotchedwa root, amene palibe chomukanika, ndipo pa kompyuta imeneyi root ndinali ine.

"Oo? Ndiye kunja kuno ndinu mkamwini, m'kabokosimo ndinu atsibweni?" Anaseka mpaka mwana anadzuka. "Chonde musakawauze, angakulandeni."

Kutseka kuja ndinakuchedwetsa, chifukwa ndinkafuna ndimvetse kaye. Mvula itayamba anandiitanira ku ofesi ya m'tauni kuti ndikathandize kulemba lipoti, ndipo ndinayenera kukhalako sabata yonse. Tsiku lachiwiri abwana anandifunsa ngati ndinatseka. Ndinati ndingathe kutseka ndili pomwepo. Ndinaimbira kompyuta ya kunyanja, ndinalowamo monga mwa masiku onse, abwana ataima kumbuyo kwanga. Malamulo ndinali nditawalemba kale papepala. Ndinayamba ndi lija la onse osatchulidwa, kulisintha kuchoka pa kulola kupita pa kukana, poganiza kuti ndikatero ndilemba mizere ya ololedwa umodziumodzi.

Ndinadina batani. Kenako ndinalemba chilembo choyamba cha mzere wotsatira, koma sichinaoneke. Ndinadinanso. Sikirini inangoti zii.

Makinawo anachita zimene ndinawauza. Panthawiyo wosatchulidwa woyamba ndinali ineyo. Ndinadula foni n'kuimbanso. Modemu inayankha, kulira kwake kuja kunamveka bwinobwino, koma kupitirira apo panalibe njira. Kunyanja kunalibe munthu wina wodziwa kompyuta, ndipo chinthu chotere chimakonzedwa utakhala pamaso pa makinawo, dzanja lili pa kiyibodi. Abwana sanakalipe. Anangoti lipoti likufuna manambala a mwezi umenewo, ndipo manambalawo ali mkati.

M'mawa mwake ndinakwera matola, njinga ili pamwamba pa matumba a feteleza. Galimoto inathera panjira chifukwa cha matope. Kotsalako ndinapalasa pamene pankapalasika, pena ndinakankha, pena ndinanyamula. Ndinafika ku sikimu dzuwa litapendeka. Inali nthawi yowokera, ndipo mapuloti onse anali odzaza ndi anthu owerama. Mkazi wanga anali m'puloti yathu, matope mpaka m'mawondo, mbande za mpunga zili kudzanja lamanzere. Puloti yoyandikana nayo inali ya atsibweni ake, bambo wamtali wosalankhulalankhula, amene chiyambire ukwati wathu anali asanasekepo nane.

Mkazi wanga atandiona anawongoka msanga. "Kwagwanji? Si munati Loweruka?"

Ndinafotokoza nditaima pamzere wa puloti. Ndinayesa kufotokoza mwachidule, koma iye ankafunsa, ndipo mawu ake ankamveka kutali.

"Tadikirani. Munatseka ndinu?"

"Eya."

"Amene watsekeredwa ndinunso?"

"Eya."

"Ndi koleji yonse ija?"

Amayi a m'puloti ina anayamba kuseka asanamve n'komwe chiyambi chake. Atsibweni anaimika khasu, napukuta nkhope ndi chipewa.

"Akamwini, ndiye kuti kiyi munasiya mkati?"

"Kiyi ndili naye, atsibweni. Koma ndinauza mlonda kuti asalowetse munthu aliyense amene sindinamutchule, ndisanadzitchule ndekha."

"Mlondayo sakudziwani nkhope?"

"Sayang'ana nkhope. Amangowerenga zimene zalembedwa."

Atsibweni anaseka, kuseka kwenikweni, mapewa akugwedezeka. "Mlonda wabwino ameneyo," anatero. "Musamuchotse ntchito."

Mkazi wanga ananditsatira ku ofesi. Sanalowe chifukwa cha matope, anaima pakhomo atagwira felemu. Ndinakhala pa kompyuta, ndinabweza lamulo lija pa kulola, ndinalemba mzere wolola ofesi ya m'tauni, ndinauwerenga kawiri, kenako ndinatseka kwa ena onse. Ndinachitanso chimodzimodzi ndi mafayilo awiri aja: dzina la kompyuta ya m'tauni mwa ololedwa, ndipo pambuyo pake, mwa okanidwa, mawu otanthauza aliyense. Ntchito yonse inali yochepa kuposa kupopa tayala.

"Ndiye mumayamba mwalemba amene mukufuna kuti azilowa," anatero ali pakhomo pomwepo, "kenako n'kutseka."

"Eya."

"Mukayamba n'kutseka?"

"Mwaona nokha."

Tsikulo sindinabwerere kutauni. Ndinavula nsapato n'kulowa m'puloti. Mizere yanga inali yokhota, ndipo iye ankabwera pambuyo panga akuzula n'kuwokeranso, akungoimba chapansipansi nyimbo ya kwaya. Mwana anali pa chitenje pansi pa ambulera, akudya dothi. Ndikanakhala kuti sindinalakwitse, tsiku limenelo ndikanalithera m'tauni, ndikuwerengetsa mvula.

Mkazi wanga anayamba kudwala mpunga womwewo utacha. Matenda ake sindiwatchula. Tinapita kuchipatala, tinabwerako, tinapitanso. Ulendo womaliza anapempha yekha kuti tibwerere kunyumba. Mpunga anatimwetera achibale. Iye ankagona pamphasa pafupi ndi zenera, ndipo mng'ono wake wamkazi anasamukira kwathu kudzathandiza.

Za mwana sindinanenepo kanthu. Mkamwini sangayambitse nkhani yotere mkazi ali moyo. Kungakhale ngati kumuitanira imfa, ndiponso ngati kuwerengera za eni. Ndinkamutembenuza, ndinkamumwetsa phala, ndinkachapa. Mwana akandikwera pamsana ndinkaganiza za mpando wa pansi pa mtengo uja, kenako ndinkadzidzudzula kuti ndikuganiza za ine ndekha munthu akuvutika.

Masana ena mkazi wanga anatuma mng'ono wake kukaitana atsibweni. Atafika, mkazi wanga anandiuza kuti madzi atha, ndipite kumjigo ndi mwana. Mumtsuko munali madzi. Ndinatenga ndowa n'kupita. Kumjigo kunali mzere wautali ndipo sindinapemphe kuti andidutsitse. Pobwerera ndinakumana ndi atsibweni akutuluka. Sanandiyang'ane. Anangosisita mutu wa mwana n'kumapita, chipewa chili m'manja.

Patapita masiku owerengeka mkazi wanga anamwalira, m'mawa, kunja kutawala kale.

Za maliro sindikumbuka zambiri. Ndimakumbuka kuti kwaya yake inaimba, ndiponso kuti wina anandivula wotchi n'kundibwezera tsiku lotsatira. Tinameta. Ndinakhalabe m'nyumbamo mpaka nthawi imene akuluakulu anagwirizana, ndipo tsiku lakusudzula linafika.

Tinakhala pabwalo la apongozi. Kuchokera kwathu kunabwera ankhoswe anga ndi atsibweni anga. Mbali yawo kunali atsibweni a malemu, apongozi atanyamula mwana, azakhali ena achikulire, ndi anthu a m'mudzi amene anabwera kudzamva. Ndinkadziwa m'mene zimayendera. Amathokoza mkamwini chifukwa chosamala mwana wawo, amati ulendo wathera pano, amamumasula kuti akafuna akakwatire kwina, kenako amatchula katundu woti atenge. Zikatha apo anthu amaimirira. Nkhani ya ana siikambidwa, chifukwa aliyense amadziwa kumene ali.

Atsibweni a malemu anatsokomola. "Tisanawamasule akamwiniwa, pali mawu."

Azakhali aja anadzuka pang'ono pamphasa. "Achimwene, mwambo suyamba choncho. Yambani mwawamasula, zinazo tikamba patokha."

"Ndikudziwa poyambira, chemwali. Koma mwini wake, malemuyo, anandiuza kuti ndiyambe ndi izi. Anati tikayamba n'kutseka, sipapezekanso wotsegula."

Pabwalo panali anthu ambiri, koma amene anamva bwino mawu amenewo tinali awiri, iwo ndi ine. Ndinayang'ana pansi.

Ananena pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakhala akubwereza mumtima. Anati mwana akhala pano, pa mbumba yake, zimenezo sizisintha. Nyumba ikhala ya mng'ono wa malemu, amene alere mwanayo. Puloti ibwerera kwa eni. "Koma bambo awa si mlendo pakhomo pano. Abwere tsiku limene afuna. Asaikiridwe mpando pabwalo. Adye m'mbale imene tikudyera ife. Akafuna kupita naye mwana kutchalitchi kapena kumsika, apite naye. Ikadzafika nthawi ya sukulu, mawu awo adzamveke. Ndanena pamaso pa ankhoswe a mbali zonse. Mwamva?"

Ankhoswe anga anati amva. A mbali yawo anati amva. Azakhali aja anati zimenezi sanazionepo, ndipo mwamuna akadzakwatira kwina adzaleka yekha kubwera. Atsibweni anati zikadzatero adzakhala atatseka yekha. Apongozi ankangokonza kolala ya diresi la mwana.

Atatha apo anandithokoza, nandimasula, natchula njinga, zovala ndi mabuku. Ndinamanga katundu pakaliyala. Mwana anali atagona, ndipo sindinamudzutse.

Ndinasamukira m'kachipinda kosungiramo zipangizo kuseri kwa ofesi. Sabata yomweyo abwana anatumiza uthenga wakuti pa kompyuta pazikhala mayina a ogwira ntchito okha. Panali njira ziwiri. Ndikanatha kufufuta dzina la mkazi wanga ndi zonse za m'malo ake aja. Kapena ndikanatha kutsegula fayilo ya mayina, kupeza mzere wake, n'kuika kachizindikiro ka kanyenyezi pamene pamakhala pasiwedi. Dzina limatsala, koma palibe angalowenso nalo. Ndinaika kanyenyezi. M'malo akewo munalibe china koma zimene ankayeserera kutayipa, zilembo za mzere wapakati wa kiyibodi zobwerezabwereza, ndi mayina a masiku a sabata. Lachinayi analilakwitsa paliponse. Pasiwedi yake sindinaidziwe mpaka lero.

Ndinatenga nthawi ndisanapite kukaona mwana. Mawu onenedwa pamsonkhano ndi ena, kufika pakhomo ndi kwina. Loweruka lina ndinagula matemba ndi sopo n'kupalasa. Nditafika kumapeto kwa bwalo ndinatsika panjinga n'kuima, pamalo pomwe alendo amaima. Mapapaya aja anali atayamba maluwa. Pakhomo la nyumba yanga panali katani wina. Apongozi ankasinja pafupi ndi nkhokwe. Anandiona, anaimika munsi, nadikira. Mng'ono wa malemu anasuzumira pazenera, ndipo ndinaona maso ake akupita pa mpando umene unali pakhonde. Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena liwu limene munthu aliyense woleredwa amanena pakhomo la eni.

Mwana anali pakhonde, wosasamba, phala litauma patsaya, akumenya chitini ndi supuni.

Sindinanene. Ndinakankha njinga kudutsa pabwalo, ndinaitsamiritsa pakhoma pamene ndinkaitsamiritsa kale, ndinakhala pansi pakhonde. Mwana anandiyang'ana, nandipatsa supuni kuti ndimenyeko. Kumbuyo kwanga munsi unayambanso kugunda.

M'mawa umene mkazi wanga anamwalira, mng'ono wake anali atapita kukatsuka mbale ndipo mwana anali kwa agogo ake. Anandipempha kuti nditsegule zenera. Kunja anthu ankadutsa ndi mitolo ya udzu wa njedza kuchokera kunyanja. Ndinamunyowetsa milomo ndi kansalu. Anandigwira chala chimodzi, osati dzanja lonse, ndipo ndinawerama kuti ndimve. Zimene ananena zinali za munthu wochokera kwina, pamene ine ndinkagona m'nyumba momwemo, koma sindinamufunse. Tonse tinkadziwa.

"Ndawauza kale atsibweni. Mukamabwera, musamachite odi."